Sipika Pazenera, Apongozi Pabwalo

Kodi munayamba mwanyamulapo bokosi lolemera ngati thumba la chimanga n'kumazungulira nalo m'chipinda chimodzi masana onse? Ine ndachita zimenezo Loweruka lapitali, ndipo msana ukundikumbutsabe.

Anandiitana ndi a Mbewe, mnzanga wa kwathu ku Katete, amene ali ndi kasitolo ndi dimba m'mbali mwa msewu wa ku Kasisi. Anthu kuno amayesa mphunzitsi amadziwa zonse, kuyambira kulemba kalata mpaka kuzula dzino. Uthenga utafika woti ndikathandize za wailesi, ndinangokwera njinga. Za wailesi ine ndimadziwa kutsegula ndi kutseka basi, koma zimenezo ndinazisunga mumtima.

A Mbewe anamanga nyumba ya njerwa ndi malata chaka chatha, ndipo chipinda chimodzi anachipatula kuti chikhale chomvereramo wailesi. Muli mipando itatu, tebulo, matumba a chimanga amene anasowa malo m'nkhokwe, ndi wailesi ya batire. Waya wake amatulukira pakabowo ka pamwamba pa zenera n'kukathera pa mlongoti wa panja. Wailesiyo ndi yabwino, koma mawu ake ndi a munthu wodwala chifuwa. Choncho anapita ku Lusaka, kwa mmwenye amene amagulako katundu wa m'sitolo, kukafuna sipika, bokosi lija lolumikiza ku wailesi kuti mawu azituluka aakulu. Mmwenyeyo, poti amawadziwa, anawapatsa ziwiri kuti akayese kunyumba, Lolemba akabweze imene sanaikonde.

Ina inali yaing'ono ngati buledi. Inayo inali chimbokosi cha thabwa lonyezimira, kutsogolo kwake kuli nsalu yagolide, kumbuyo kotseka. Mmene a Mbewe ankachipukutira ndi mpango wawo wa m'thumba, ndinadziwa kuti mtima wawo unasankha kale.

Koma panali chifukwa china chimene ankafunira kuti zonse zitheke tsiku lomwelo.

Pakhomopo amakhala a Nabanda, amayi a Esinati, mkazi wa a Mbewe. Anabwera kuchokera kwawo amuna awo atamwalira. Mwana wawo wamwamuna, Yohane, anapita kumigodi ku Kitwe zaka zisanu zapitazo ndipo sanabwerepo. Makalata amalemba, koma a Nabanda sawerenga, ndipo amati kalata yowerengedwa ndi munthu wina imalankhula ndi mawu a wowerengayo. Sabata yatha kunabwera kalata yoti anthu a wailesi anafika kumigodi ndi makina awo, Yohane analankhulamo, ndipo moni wake udzamveka Loweruka nthawi ya faifi koloko madzulo. Kamodzi kokha. Munthu wotereyu amapatsidwa mpata wa mawu ochepa, akangotha kumabwera wina.

Mwina mukuti, vuto lili pati? Mayiyo alowe akhale pampando.

Ngati mwatero, ndiye kuti mwakhalitsa m'tauni. A Nabanda ndi apongozi a a Mbewe. Zaka zisanu ndi zinayi za ukwati, awiriwa sanakhalepo m'chipinda chimodzi kapena kuyang'anana m'maso. Akakumana panjira ya kudimba, wina amapatukira m'thengo. Mawu onse amadzera mwa Esinati, ngakhale a mchere. Nanga a Mbewe atuluke, awasiyire chipinda? Izonso ayi. Mawu a ku Lusaka amathawathawa pawailesi imeneyi, amafuna dzanja lokhala pa chopotokolera nthawi zonse, ndipo dzanja lozolowera ndi la mwini wake yekha.

"Musavutike, aphunzitsi," anatero a Mbewe. "Iyi ikulu ikalira, khoma ni chani? Azamvera ali kukhitchini kwao."

Ndinavomera, chifukwa nanenso ndinkaganiza choncho. Tinayamba ntchito cha m'ma wani koloko, pawailesi pakuimbidwa nyimbo.

Mmwenye uja anali atawalangiza kuti sipika yaikulu aiike pakona, iwo akhale kutsogolo kwake pakatikati, mapazi khumi. Tinaiika pakona ya kum'mawa. Ndikuuzeni zoona, sindinamvepo zotere. Mawu anamera mimba. Woimba gitala anakhala ngati wakhala nafe pampando wachitatu, moti ndinkamva chala chake chikutsetsereka pa waya. A Mbewe anatsinzina. Koma nditayang'ana pansi ndinaona kanjira ka chiswe kakukwera khoma pakona pomwepo, ndipo chiswe sichifunsa mtengo wa thabwa.

Tinaisunthira kona ina. Pamenepo malata amadontha. Tinaiika pakati pa chipinda, mimba ija inaphwa, mawu anaonda. Tinaiyang'anitsa ku matumba a chimanga, matumbawo anameza theka la nyimbo. Titaikweza patebulo, ng'oma ikalira lata limodzi la msomali wogwedera linkayankha.

Apa ndinaiwala msana. Bokosi ndi lomwelo, batire ndi lomwelo, woimba ndi yemweyo. Nanga bwanji pakona likunenepa, pakati likuonda? Chimanga chimachita nawo chiyani mawu amene chameza? Ndinaomba m'manja pakona, ndinaombanso pakati, n'kumamvetsera ngati wosokonezeka mutu. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri kuti mawu amayenda mumpweya, koma kuti chipinda nacho chimaimba nawo, ndinazidziwira m'nyumba ya a Mbewe.

Pomaliza tinabwerera pakona ya chiswe, titaika njerwa zinayi pansi. Tinakhala pamipando ngati mabwana. Nyimbo zitatha, munthu anayamba kuwerenga nkhani, ndipo liwu lililonse linkamveka bwino lomwe.

Esinati anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Atate ake Tereza, mwatsiriza?" anafunsa mwamuna wake.

"Tatsiriza. Wamva mwamene ikulilira?"

"Namva. Manje tiyeni aphunzitsi, mukamvereko kwamene kuli amai."

Ndinamutsata kuseri kwa nyumba. A Nabanda anali pamphasa pafupi ndi khitchini, atavala duku lawo la kutchalitchi ngati akuyembekeza mlendo. Ndinagwada, tinapatsana moni, kenaka ndinatchera khutu. Kuchokera m'nyumba kunkamveka kugunda kokha, ngati munthu akusinja kutsidya la mtsinje. Kuti munthu akulankhula zinkadziwika, koma akuti chiyani, ngakhale liwu limodzi.

"Ni Chinyanja ichi olo Chibemba?" anandifunsa a Nabanda. Sankaseka.

Ndinathamangira mkati, mawu ali bwinobwino. Ndinatulukanso, kugunda. Khoma la njerwa limalola ng'oma kudutsa, koma mawu a munthu limawagwira. Chifukwa chake sindichidziwa, ndipo ngati pali wina wa inu amene amachidziwa andilembere. Chimene ndinkadziwa n'chakuti inali itakwana folo koloko, ndipo maola atatu tinali titathera kukonzera makutu a amuna awiri amene sakudikira moni wa aliyense. Ndinachita manyazi.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi sabata yonse. Malangizo a mmwenye uja sanali olakwika. Ndi malangizo a nyumba imene bokosilo linapangidwira, nyumba imene bambo, mayi, ana ndi apongozi amakhala chipinda chimodzi, miyendo itatambasulidwa, onse kuyang'ana kumodzi. Kwathu kuno nyumba sithera pa khoma. Khonde ndi nyumba, khitchini ndi nyumba, pansi pa mtengo wa mango ndi nyumba, ndipo aliyense ali ndi pake pamene ulemu unamuika. Tikugula matebulo, mipando, mawailesi, n'kuziika mmene tinazionera kwa azungu pamene tinkagwira ntchito, kenaka timadabwa kuti theka la banja latsala kunja.

Mnzanga wina wa kusukulu nditamufotokozera anati mankhwala ake ndi apafupi, mwambo wothawana ndi apongoziwu uthe, ndi wachikale. Mwina udzathadi. Ine sindikudziwa. Ndaona nyumba zina za m'tauni m'mene mkamwini ndi apongozi amadyera mbale imodzi n'kumatukwanizana pa mbale yomweyo. Ndaonanso a Mbewe, amene sanayang'anepo a Nabanda kumaso, akupatula nyama yofewa n'kutuma kuti ipite kukhitchini. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwambo sungathe pakati pa folo koloko ndi faifi koloko chifukwa choti kwabwera bokosi.

Tinayesa sipika yaing'ono pazenera loyang'ana kukhitchini. M'chipinda inkamveka bwino ndithu, koma pabwalo mawu ake anamwazika ndi mphepo, nkhuku zinkaiposa. A Nabanda khutu lawo lina ndi lolemera. Anapukusa mutu.

Ndinati tiike yaikulu pakhomo, mayi akhale pakhonde. Esinati anandiyang'ana ngati ndatukwana. Pakhomo ndiye kuti maso ndi maso ndi mkamwini amene ali pa wailesi.

Amene anapeza nzeru ndi Esinati yemweyo. Anayeza zenera ndi chingwe, anayezanso bokosi lalikulu.

"Ilowa apa. Iyang'ane panja."

A Mbewe anatsegula pakamwa. "Panja? Nanga ine mukati nizamvera chani?"

"Imwe muli na m'bale ku Kitwe?"

A Mbewe anayang'ana thabwa lonyezimira lija, anayang'ana njerwa zokhakhala za pazenera, ndipo ndinaona kuti mumtima akumva kale kukalika kwake. Anavula jekete, analiyala pazenerapo, n'kuti, "Nyamulani uko, aphunzitsi."

Bokosi linalowa, kutsala mipata ya zala zitatu mbali zonse. M'mipatamo tinatsekamo masaka kuti lisagwedere. Nditazungulira panja ndinapeza wolankhula wa ku Lusaka ali pabwalo, mawu ake oyera mpaka ku khola la mbuzi. Nditalowa mkati, kugunda kuja kunali kutasamukira m'chipinda cha a Mbewe. Sipika ikalumikizidwa, wailesi payokha imakhala chete, choncho mwini nyumba anatsala mumdima wa chipinda chotsekeka zenera, kumbuyo kwa bokosi lake, osamva kanthu.

"Manje nizadziwa bwanji kuti mawu athawa?" anafunsa.

Tinapangana kuti ine ndiime panja pafupi ndi zenera ndi supuni. Ndikagogoda kamodzi pa felemu ya zenera, apotokole kumanja. Kawiri, kumanzere.

Pofika faifi koloko pabwalo panali padzaza, chifukwa mawu aja anaitana okha anthu a m'midzi yoyandikana. A Nabanda anasendeza mphasa kufupi, khutu labwino analozetsa ku nsalu yagolide ija. Moni unayamba. Wa ku Ndola anapereka moni kwa mkazi wake. Wa ku Mufulira anauza abale ake kuti mwendo wapola. Mawu anayamba kuzilala, ndinagogoda kamodzi, anabwerera. Anadutsa anthu asanu ndi awiri. A Nabanda sanagwedezeke, koma chala chawo chinkapota ulusi wa mphasa mpaka unaduka.

Kenaka wina anatsokomola pang'ono asanalankhule, ndipo a Nabanda anagwira mkono wa Esinati dzina lisanatchulidwe.

"Ndine Yohane Phiri, ku Kitwe. Amama, muli bwanji kumeneko ku Chongwe? Ine nili bwino, musamaganize maningi. Nanenepa. Esinati, mlongo wanga, moni." Apa mawu anayamba kuthawa. Ndinagogoda kawiri, ndipo munthu amene sankamva chilichonse mkatimo anawabweza. "Na kwa alamu anga a Mbewe. Alamu, nchito imene inali yanga mwaisenza ndimwe. Amai anga mwawasunga. Nilibe mawu, zikomo."

Kunabwera wina wa ku Luanshya.

A Nabanda analira, osati mokuwa, misozi yokha. Ine ndinagogoda katatu, zimene sitinapangane, koma a Mbewe anamva tanthauzo lake ndipo anatseka wailesi. 

Esinati anadzuka kuti akauze mwamuna wake zimene zanenedwa, monga amachitira masiku onse. Amayi ake anamukoka chitenje kuti akhale pansi. Anadzuka okha, anapita pazenera, anasolola saka limodzi pambali pa bokosi. Panatseguka kampata. Sanasuzumiremo. Anayang'ana pansi, pakamwa pali pafupi ndi kampatako.

"Atate ake Tereza."

Kenaka a Nabanda anapitiriza.

"Mlamu wanu wakamba kuti zikomo. Wati mwanisunga." Anapuma pang'ono. "Wakamba zoona."

Kuchokera mkati tinangomva mpando ukusendezedwa, kenaka kuomba m'manja kwapansipansi, pang'onopang'ono, kwa munthu amene wagwada.

Inu amene mukukonzeka kukagula wailesi chimanga chikagulitsidwa, mudzayeza kona, mudzayeza tebulo, mudzafunsa za batire. Musanakwere lole ya ku Lusaka, tatulukani kaye muzungulire kuseri kwa nyumba yanu. Akhala kumeneko ndani, ndipo akudikira mawu a yani?