Ndinawasiyitsa Mankhwala, Ine Ndikumwa Anga

Inu owerenga, ine ndinadwalitsa munthu ndi pakamwa pangapa. Sindinamumenye, sindinamulodze ayi. Ndinangonena mawu ochepa ndikumwetulira, ndipo chinandituma ndi nsanje basi.

Ndine mayi wa ku Mitundu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Matenda a maganizo anandiyamba amuna anga atamwalira. Ndinkadzitsekera m'nyumba, osasamba, osadya. Chinandidzutsa ndi gulu la kumpingo kwathu la anthu odwala ngati ine. Timakumana Lachitatu masana, timapemphera, aliyense n'kunena mmene sabata yamuyendera popanda womuseka. Analiyambitsa ndi Mayi Chirwa, namwino wopuma pantchito. Iwo amatiika awiriawiri. Mnzako amakukumbutsa mankhwala, amakuperekeza kuchipatala, ndipo akaona kuti zayambanso kusokonekera amathamanga kukanena.

Ndinakhala m'gulumo zaka zinayi. Kusesa ndine, kukatenga makiyi ndine, kuyambitsa nyimbo ndine ndemwe. Kenako kunabwera mkazi wa mphunzitsi wina, ndiwatchule kuti Anambewe. Anabwera ali wefuwefu, maso pansi, osayankhula, ndipo Mayi Chirwa anawapereka kwa ine. Ndinawasamala ndithu, bodza ayi. Tsiku lina ndinachita kuwasambitsa ndi manja angawa.

Koma amayi aja anatsitsimuka msanga bwanji! Chaka chisanathe anali atalowa kwaya, akulimbikitsa anzathu, pakamwa pa aliyense pali Anambewe. Tikaweruka amuna awo ankabwera kudzawatenga panjinga yamoto, ine n'kumakwakwaza wapansi kupita kunyumba kopanda wondifunsa kuti zayenda bwanji. Zinkandiwawa, abale.

Chinandimaliza ndi ichi. Akhristu anzathu a ku Nathenje anapempha munthu woti akawathandize kuyambitsa gulu lawo. Ine ndinasitiratu ndi chitenje chomwe. Mayi Chirwa anatchula Anambewe. Ndinawomba nawo m'manja, koma mumtima ndinkati, ha, zaka zinayi zonsezi ndipitiriridwe ndi munthu wadzulodzuloyu?

Tsiku lina tikuchokera kuchipatala kolandira mankhwala, ndinawakokera pambali. "Koma Anambewe," ndinatero, "mukaima bwanji pamaso pa anthu ku Nathenje n'kumati Yesu wakuchiritsani, mapilitsi ali m'chikwama? Ine angawa ndimangolandira kuti Mayi Chirwa asakhumudwe. Kumwa ndinasiya kalekale, ndi pemphero lokha likundisunga."

Linali bodza lamkunkhuniza. M'mawa womwewo ndinali nditamwa anga, ndipo sindinaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Zoona, mayi? Inu ndi amene mwanditsogolera mpaka pano."

Anasiyadi. Lachitatu lililonse Mayi Chirwa akandifunsa ngati mnzanga akumwa bwino, ndinkayankha kuti eya. Ndinaona ndi maso anga atayamba kuyankhula mosalekeza, kuseka posaseketsa, kudandaula kuti tulo sakutiona. Ntchito yanga inali kuthamanga kukanena, koma ndinakhala duu. Ndinkadzinamiza kuti angopunthwa pang'ono, ulendo uja ugwere ine.

Sabata yomwe anayenera kupita ku Nathenje, Anambewe anapezeka pamsewu wa ku Malingunde opanda nsapato, akulalikira anthu a njinga za makala, mwana wawo woyamwa atamusiya yekha m'nyumba. Anthu ena opanda chisoni anawajambula pafoni, Mitundu yonse inaonera. Anakagonekedwa kuchipatala mumzinda, ndipo amuna awo, chifukwa cha manyazi, anapempha kuti awasinthe sukulu.

Mayi Chirwa anati ndiye ku Nathenje ndipite ine. Chimene ndinkachifuna chija ndinachipeza.

Tsiku losamuka, Anambewe anabwera pabenchi yanga pamsika kudzanditsanzika, ataonda, mawu akuchita kukoka. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani mayi, ndakuchititsani manyazi. Chikhulupiriro changa n'chochepa, sichinafike pa chanu. Muzindipempherera."

Inu owerenga, chikwama changa chinali pansi pa benchi pomwepo, mapilitsi anga ali momwemo. Ndinawasiya anyamuke akudziimba mlandu pa tchimo langa.

Ku Nathenje sindinapite. Lachitatu lotsatira ndinaimirira pagulu, ndinakhuthula chikwama patebulo n'kuulula zonse. Mayi Chirwa analira, ndipo anawaimbira foni Anambewe kuwauza chilungamo. Ndimamva kuti akumwa mankhwala bwinobwino tsopano, koma kumene aliko sakufuna kumva za gulu lililonse la kumpingo. Foni yanga sayankha, ndipo sindiwadandaula.

Anzanga sanandithamangitse. Ndimapitabe, koma Mayi Chirwa sanandipatsenso munthu woti ndimusamale. Chimandiluma n'chakuti ndinali ndi malo onenera zonse. Ndinkanena za kusowa tulo, za kulira, koma nsanje ndinkaibisa, chonsecho ndiyo inkandidwalitsa kwambiri.

Mukaona kuti kuchira kwa mnzanu kukukupwetekani, kaneneni msanga kwa wina musanakamulume. Ndipo inu amene muli pamankhwala, pempherani, mankhwalawo muzimwa, osiyitsa akhale a kuchipatala okha. Wina akadzakuuzani kuti wokhulupirira samwa mapilitsi, ngakhale akhale wokusambitsani mukudwala, muyambe mwamuuza kuti atsegule chikwama chake.