Chopanira Nthenga cha Mipata Itatu

Bambo anga ankapanga mivi. Kulima ankalima ngati wina aliyense kwathu ku Mavwere, chimanga ndi mtedza, koma mlendo akafunsa za iwo, anthu ankangoti, "Mukunena mkulu wa mivi uja?" Alonda a m'maesiteti a fodya ankabwera pa njinga kudzatenga mivi yawo, komanso anthu a minda ya m'mphepete mwa phiri, amene anyani amawasowetsa mtendere.

Kusula nsonga ndi kuwongola bango pamoto ndinaphunzira msanga. Chimene chinandikanika ndi nthenga. Bambo ankang'amba nthenga ya nkhanga pakati ndi lezala, n'kupana bango ndi mawondo, n'kupaka ulimbo, kenaka n'kuigoneka nthengayo ndi chala chachikulu mpaka igwire. Zitatu pa muvi umodzi, zonse za phiko limodzi, iliyonse yopendekeka pang'ono kuti muvi uzizungulira pouluka. Kupendekekako sankayeza ndi kanthu. Ndikafunsa kuti pang'ono pakepo ndi pati, ankangoti, "Diso likuuza." Langa silinandiuzepo kalikonse, ndipo poti ndine wa mtima wapachala, mabango amene ndinathyola ndi ukali akanamanga mpanda wa bafa.

Mayi atamwalira tinawatenga bambo kuti tizikhala nawo. Chaka chomwecho manja awo anayamba kunjenjemera. Kuchipatala tinapita, mankhwala anamwa, koma kunjenjemerako kunali kutabwera kudzakhala. Tiyi ankatayikira pamalaya. Nthenga zinayamba kugona momwe zafunira, ina kuyang'ana uku, ina uko. Tsiku lina mlonda wina anabweza mivi isanu. Anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani agogo, koma iyi ikumavina m'mwamba." Bambo analandira ndi manja awiri.

Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde, manja atawapana pakati pa ntchafu kuti tisawaone. Kudya kunachepa. Ine ndinachita mantha, ndinene mosabisa. Munthu woti waika mkazi wake m'manda, ntchito ya manja ake n'kumuthawanso, sachedwa kutsatira.

Mnzanga wina wa kabaza ndiye anandionetsa kanema pafoni yake: mzungu akumata nthenga ndi kachipangizo kogwira bango ndi kupana nthenga, manja ake ali pambali. Ndinamukoka mnzangayo ndi foni yake mpaka pa boma, kwa kalipentala wina wokalamba wokhoma zitseko ndi mabokosi a maliro. Anaonera kanemayo kanayi, n'kundifunsa za manja a bambo, n'kundiuza kuti ndibwerenso pakatha sabata.

Nditabwerera ndinapeza wapanga ziwiri kuti ndisankhepo. Choyamba chinali kathabwa kokhala ndi ngalande yogonekamo bango, ndi chopanira chimodzi cha timatabwa tiwiri tomangidwa ndi mphira. Chinkagwira nthenga imodzi basi, ndipo mwini wake amayenera kuchipendeketsa yekha, n'kutembenuza bango, n'kuyamba ina. Chachiwiri chinali ngati kamtondo kakang'ono, bowo pakati, mipata itatu yochekedwa kale mopendekeka. Ulowetse bango, ulowetse nthenga zitatu, udikire. Watha.

"Ine ndikanakhala inu, achimwene, ndikanatenga choyambachi," anatero kalipentalayo. "Chimagwira m'malo mwa chala, koma diso chimamusiyira mwini wake."

"Ndiye mwapangiranji chachiwiri?"

"Kufuna kuona ngati ndingathe. Koma ichi n'cha munthu wosadziwa mivi."

Ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti akufuna kusunga chabwinocho kuti akagulitse kwa wina. Ndinamuuza kuti sindinapalase njinga mtunda wonsewo kudzatenga theka la mankhwala, ndikufuna chinthu choti kunjenjemera kusapezepo polowera. Iye anangogwedeza mutu n'kundikulungira cha mipata itatu m'pepala la simenti.

Bambo anachitembenuza nthawi yaitali, kusuzumira m'bowo, kulowetsa chikhadabo m'mipata. Kenaka anapempha ulimbo. Panali patatha miyezi iwiri asanapemphe kanthu. Nthenga zinalowa ngakhale manja ankagwedezeka. Zitagwira anazimanga ndi ulusi movutikira, n'kundipatsa muviwo. Ndinakoka uta kuloza thunthu la nthochi kuseri kwa khola. Muviwo unapita mowongoka, thi! pakati penipeni.

Ndinakuwa ngati mwana. Bambo sanaseke. Anayang'ana kukhitchini n'kuitana, "Apongozi, tabwerani."

Mkazi wanga anadzidzimuka. Iye ndi bambo ankapatsana ulemu wa patali, monga mwa mwambo. Akafuna kuwauza kanthu ankadzera mwa ine, ndipo bambo anali asanamuitanepo chotero. Anabwera akupukuta manja pachitenje n'kugwada chapatali.

"Senderani. Tengani bango ili, ndi nthenga izi. Ikani m'menemu."

"Ine bambo sindinagwirepo muvi chibadwire."

"N'chifukwa chake ndaitana inu."

Anachita monga anauzidwira, maso ali pansi. Tinadikira kuti ulimbo ugwire. Ndinali nditazindikira kale kumene nkhaniyi ikupita, ndipo pokoka uta ndinalakalaka kuphonya dala. Koma bambo ankandiyang'ana pamkono, akanadziwa. Muvi wa mkazi wanga unakabaya pambali penipeni pa wa bambo, mwina kusiyana zala ziwiri.

"Chabwino kwambiri," anatero bambo. "Amene anapanga ichi ndi katswiri." Anachikankhira kwa ine ndi phazi, pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi ndimayesa ndi ine, kani ndi ntchito yoti thabwa likhoza. Tenga mwanawe, uzipanga."

Ndinawakalipira, Mulungu andikhululukire. Ndinati ndavutikira iwo, ndipo munthu akathandizidwa amathokoza. Anati, "Zikomotu," n'kubwezera manja pakati pa ntchafu. Zikomo ameneyo amandiwawa mpaka lero.

Patatha masabata atatu ndinameza manyazi n'kubwerera pa boma. Kalipentala uja sanandifunse kanthu. Anangotsitsa choyamba chija pamwamba pa bokosi limene ankapala, n'kupukuta fumbi, ngati ankadziwa kuti ndibwera.

Ndinakachiika pamiyendo pa bambo n'kufotokoza mwachangu kuti ichi sichidziwa kanthu pachokha, chimafuna diso la munthu, ine ndi apongozi awo sitingachithe. Anachigwira. Anasuntha chopaniracho pang'ono, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuchisunthanso, ndipo ndinaona kuti apeza malo ake enieni. Kwa kanthawi nkhope yawo inabwerera mwakale. Ndinathamangira ulimbo.

Pobwera ndinapeza achiika pansi.

"Ukanayamba ndi ichi, bwenzi ndikupanga mivi mpaka lero, osadziwa kanthu," anatero. "Koma ndinaona ndi maso angawa. Ndizivutikiranji nthenga imodziimodzi, pamene m'nyumbamo muli chinthu chomata zitatu? Ukufuna uzindisewereza ngati mwana womupatsa kakhasu kothyoka kuti asalire?"

Ndinati chinacho ndikachitentha pompano, aone okha.

"Tentha," anatero. "Nanga zimene ndinaona utentha nazo?"

Ndinaima pamenepo ndi kachitini ka ulimbo m'manja mpaka unauma. Bambo anakhala nafe miyezi ina isanu ndi iwiri, ndipo sanagwirenso nthenga.