Atelala Aphunzira Kukhala Okha

Atelala anakalambira pakhonde la sitolo ya nsalu, akupalasa makina osokera a phazi, choko kuseri kwa khutu, tepi m'khosi. Munthu ankamuyeza ndi maso asanamupatse n'komwe moni. Koma m'nyumba mwawo anali ngati mlendo wofika dzulo. Pokhala mchere sankapadziwa, machesi ankachita kufunsa. Zonsezo zinali m'manja mwa akazi awo, amene anatengana nawo tsitsi lidakali bii.

Chaka chimene mayiwo anapezeka ndi chotupa pakhosi, adokotala anati asanayambe kuchiwotcha ndi makina, abwere kaye ku simuleshoni. Atelala anavala jekete lawo la paukwati, poyesa kuti limenelo ndilo tsiku la mankhwala. Mayi anagonekedwa pakabedi kopapatiza, anajambulidwa, anadonthezedwa timadontho ta inki pakhungu, kenako anauzidwa kuti azipita.

"Basi?" anafunsa Atelala. "Nanga mankhwala aja?"

Namwino woyendetsa makinawo anawatembenuzira kompyuta. Pagalasi panali khosi la akazi awo, lotuwa ngati phulusa, mizere yofiira itakumana pamalo amodzi.

"Simuleshoni ndi imeneyi, bambo. Kompyuta imapanga khosi lofanana ndi la amayiwa, ife n'kumayeserera pamenepo. Tikaphonya, taphonya pachithunzi, osati pamunthu."

"Monga ndimayambira kudula pepala ndisanakhudze nsalu ya eni ake?"

"Ndendende."

Mawuwo anawakomera Atelala, moti anapita nawo kukhonde. Wina akadandaula kuti jekete likumuthina m'khwapa, iwo ankati, "Usalire, mphwanga, imeneyi ndi simuleshoni chabe. Lenileni udzalivala Loweruka." Mwana wawo wachisamba, amene ankagwira ntchito kutali, anawauza pafoni kuti oyendetsa ndege amaphunziranso motero, amagwa pagalasi osathyoka ndi chala chomwe.

Kuwotcha kunachitika, koma chotupa chinali chitayala kale mizu. Adokotala analankhula motsitsa mawu, napereka mankhwala opha ululu okhaokha.

M'mawa wina mayi anakhala pampando wa pafupi ndi khomo la kukhitchini, atafunda bulangete.

"Bambo, lero tichite simuleshoni yanu ija. Ine kulibe. Phikani tiyi."

"Musamalankhule zamalodza, mayi."

"Munthu amene kulibe sayankha."

Atelala anatsegula kabati iyi ndi iyo, kufunafuna masamba. Atawapeza anathira ngati akubzala. Pa shuga mayi analephera kupirira.

"Ameneyo ndi wa mwezi wonse, inu!"

"Paja inu kulibe?"

Anaseka onse awiri mpaka mayi anatsamwa, Atelala n'kumawasisita pamsana.

Zinapitirira choncho. Lero kuchapa, mawa kukolopa, mkuja kuzindikira mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi popanda wowaikira m'dzanja. Manja ozolowera singano sachedwa kugwira zinthu. Koma Atelala anaona kanthu kamene kanawaopsa. Chilichonse chimene iwo akhoza, mayi ankachitaya. Atadziwa tiyi, mayi analeka kusuzumira m'khitchini. Atadziwa kuyanika, mayi analeka kutuluka panja. Nyumba inkachoka m'manja mwa mayi kachidutswakachidutswa, ndipo wolandira anali iwo.

Ndiye anayamba kulakwitsa dala. Mchere wochita kuwawa, zoyera kuziviika pamodzi ndi zofiira, makiyi kuwaiwala pachitseko. Mayi ankadzuka movutikira, n'kudzakhala pampando paja kuti awakalipire, ndipo Atelala mtima unkakhala pansi. Wokalipa ndiye kuti alipo.

Tsiku lina anawotcha kolala ya malaya ndi simbi. Mayi anaiyang'ana kolalayo nthawi yaitali.

"Munthu wasita masuti a akwati moyo wake wonse, lero awotche kolala?"

"Ukalamba, mayi."

"Bodza silikukhalani, bambo a mwana. Simunalidziwepo chikhalire." Anapuma kaye, mpweya ukuchita kukokedwa. "Ndatopa. Mukamalephera, ine ndiyenera kudzukanso mawa, ndipo kudzukako kukundipweteka. Ndioneni chisoni. Ndiloleni ndione ndi maso angawa kuti mudzatha."

Atelala anaimika simbi, nakhala pansi pafupi ndi mapazi a akazi awo, amene anali atatupa. Mayi anawaika dzanja padazi, monga ankachitira kale akafuna kuwaseka.

Kutacha Atelala analawirira. Anasesa, anatsuka mbale, anamwa mapiritsi awo, anayanika zovala atazitembenuza kuti dzuwa lisazisulutse. Mayi ankaonerera ali pampando. Pomaliza Atelala anabweretsa tiyi, naima chapambali, akulakalaka atamva kuti penapake palakwika.

Mayi anapsontha pang'ono, nameza movutika.

"Ali bwino," anatero. "Pitani kuntchito tsopano, anthu akudikira zovala zawo."

Tsiku limenelo makina sanalire. Atelala anangokhala pakhonde, phazi lili pachopalasira, akuyang'ana anthu odutsa.

M'mawa wotsatira mayi sanatuluke m'chipinda, ndipo Atelala sanapite kukawafunsa kanthu. Anaimbira foni mwana wawo kuti anyamuke. Sabata isanathe, mpando uja unatulutsidwa panja kuti azikhalapo obwera kudzapepesa.