Kagiya Kamene Ankasintha Lorraine

Delbert Wozniak anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi mufakitale ya maekiselo ku Ohio, kulumanitsa mano a magiya a kumbuyo kwa galimoto. Fakitaleyo itatsekedwa anamupatsa wotchi ndi kalata yomuthokoza, dzina atalilemba molakwika. Wotchi inafa chaka chomwecho. Kalata ilipobe.

Chuma chake chenicheni chinali galimoto yakuda ya mtundu wa Chevelle, ya mu 1969, imene ankaikonza ndi mkazi wake Lorraine, iye kumbuyo, mayiyo chagada pansi pa giyabokosi. Magiya a kumbuyo a galimotoyo anali a mpikisano: yaikulu mano 41, yaing'ono khumi. Ndi magiya otere galimoto imadzambatuka ngati yalumidwa ndi mavu, koma ukaitengera ulendo wautali injini imalira ngati nkhumba yomangidwa, petulo n'kumatha ukuona.

Ulendo wautaliwo unamupeza ali ndi zaka 77. Mutu wa Lorraine unayamba kutaya zinthu, poyamba makiyi, kenako mayina. Malo anapezeka kunyumba yosamalira okalamba ya pamtunda wa mamailosi 60. Basi sinkafikako. Delbert ankapita tsiku lililonse kukamudyetsa, chifukwa chakudya cha m'manja mwa anamwino mayiyo ankachilavula. Ankamutchula Delbert dzina la mchimwene wake amene anamwalira kalekale, koma supuni ya Delbert yokha ndiyo ankailandira.

Patatha mwezi injini ikulira choncho, Delbert anakweza galimoto pajeke. Anasankha magiya a ulendo, mano 40 ndi 13. Anapaka utoto wachikasu pamano, kuzungulitsa, kuona pamene alumana, kuchotsa kachitsulo kopyapyala, kuikapo kena, mpaka chidindo chinakhala pakati penipeni. Maso anali atayamba chifunga, koma zala zinkaonabe.

M'mawa mwake galimoto inayenda mwakachetechete ngati ya m'busa. Anangodabwa kuti anthu a masiku ano akuyendetsa ngati akuperekeza maliro. Kenako kumbuyo kunawala nyali za polisi.

“Madala, kukupsa kuti?” anafunsa wapolisi.

“Muvi wanga wa liwiro ukuti 63, mwana wanga. Malire pano ndi 65.”

“Makina anga akuti 84.”

“Makina akowo anawachuna ndani? Ine ndinayamba kugwira zitsulo bambo ako asanamere mano.”

Wapolisi sanakwiye. Analemba bwinobwino kuti woyendetsa ndi wokalamba, sakudziwa liwiro lake, ndipo akukangana ndi makina a boma.

Tsiku limenelo, akumudyetsa Lorraine mbatata yokanya, anamudandaulira monga munthu amadandaulira khoma. Mayiyo anasiya kutafuna.

“Wasintha magiya a kumbuyo?”

“Dzulo.”

“Nanga kapulasitiki?”

Supuni inaima m'malere.

“Delbert, chitsiru cha mwamuna iwe,” anatero Lorraine akuseka. “Zaka zonsezi unkayesa muvi umalota wokha?”

M'mbali mwa giyabokosi mumakhala kagiya kapulasitiki, kochepa ngati chala, kamene kamayendetsa muvi wa liwiro. Ukasintha magiya a kumbuyo osakasintha, muvi umanama. Delbert ankadziwa zimenezi monga mmene mwamuna amadziwira kuti m'chakudya mumalowa mchere. Pamalopo m'popanikiza, ndipo kwa zaka makumi anayi dzanja limene linkalowapo linali laling'ono la Lorraine. Aka kanali koyamba m'miyezi isanu kuti amutchule dzina lake. Pomwe ankapukuta supuni n'kuti atabwerera kale kukhala mchimwene uja.

Kalata yomuitana ku ofesi ya malaisensi chifukwa cha zimene wapolisi uja analemba inafika patatha milungu itatu. Delbert anavala taye, nanyamula giya yakale ija m'nyuzipepala ngati umboni. Mlonda wa pakhomo anailanda, nailemba m'buku kuti chitsulo choopsa.

Kalaliki anali mayi wachifundo. Anamvetsera nkhani yonse ya mano, akugwedeza mutu.

“Ndakumvani, bambo. Malemu bambo anga analinso a zomwezi, mayi anangotsala pang'ono kuwasamutsira kugaraja. Koma fomu ili ndi timabokosi titatu: mowa, matenda, kusokonezeka.”

“Ka magiya?”

“Sanakasindikize.”

“Ndiye musachonge paliponse, mayi.”

“Fomu yopanda chochonga kompyuta imailavula. Tingochita zosavuta: muyezetse maso, mukakhoza nditseka faelo.”

Delbert anaika chipumi pamakina oyezera maso. Mzere woyamba wa zilembo anawerenga. Wachiwiri anaganizira. Wachitatu unali nyerere zoyenda.

“Yesaninso, bambo, osafulumira,” anatero mayi uja motsitsa mawu. Anayesanso. Nyerere zinali zomwezo.

Boma linamuitana pa mlandu wolakwika, n'kumupeza ndi wolondola. Laisensi anaiboola ndi kachitsulo, namubwezera mwaulemu kuti asunge. Potuluka anasainira giya yake.

Tsopano Delbert amapita kwa Lorraine Lamlungu lokha, pagalimoto ya kutchalitchi, ikakhala ndi malo. Anamwino amati masiku enawo amadya pang'ono. Mphete yaukwati anamuvula, anaisunga muemvulopu, chifukwa inayamba kugwa yokha.

Kagiya kapulasitiki katsopano kanabwera papositi, kofiira. Delbert anatha masana onse chagada pasimenti, dzanja likukana kulowa, mpaka linalowa litasenda khungu. Atamanga anatsitsa jeke, nakhala pampando, chitseko cha garaja chili chotsegula, n'kuliza injini. Muvi unali pa ziro, ndipo ulendo uno sunkanama.