Che Selemani Mzungu wa pa Bwemba

Pa msika wa pa boma ku Mangochi, mayi anga anali ndi malo awo pafupi ndi mpopi, moyandikana ndi a Bwanali osoka nsapato. Mayiwo ankagulitsa mbatatesi, koma dzina limenelo ndinkalimva kusukulu kokha. Pa msika tinkati airishi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili sitandade sikisi, ndipo Loweruka lililonse ntchito yanga inali kuunjika milu. Luso lomwe ndikudyera mpaka lero ndinaliphunzira pamenepo: zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi, yovulala uitembenuzire kwa iwe mwini. Masiku ano ndimagulitsa mafoni ogwiritsidwa kale ntchito, koma kaunjikidwe kake n'komweko.

Loweruka lina la chilimwe, dzuwa lija lomwe limakuwotcha ngakhale uli pamthunzi, mayi anandisiya ndekha n'kupita kuchigayo. Msika wonse unkanunkha usipa wouma ndi fumbi. Ndinaona mayi wachizungu akubwera m'kanjira ka tomato, nkhope ili psuu, chipewa chachikulu kumutu, chikwama cha mapepala atachikumbatira pachifuwa. Ankaima n'kufunsa, ndipo aliyense amene anamufunsa ankaloza kwa ine. Mtengo unakwera wokha m'mutu mwanga ndisanatsegule pakamwa.

Atafika anayankhula Chingerezi chachitali ngati ulaliki. Ine ndinatolapo mawu atatu: airishi, msilikali, ndi wakufa. Ndinawaphatikiza mwachangu n'kupeza yankho lokoma: kwachitika maliro a msilikali, akufuna thumba lonse. Ndinawauza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti airishi alipo wambiri, wabwera dzulo kuchokera ku Ntcheu, ndipo palibe wakufa ngakhale mmodzi. Iwo anapukusa mutu, n'kudziloza pamtima, n'kunena kuti airishiyo ndi iwowo. Ndinawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Ndinali ndisanamvepo munthu akudzitcha chakudya.

A Bwanali, omwe anakhalako ku Joni n'kubwerako ndi Chingerezi cha m'migodi, anaseka mpaka misomali inagwa pakamwa pawo.

"Iwe Yona, kusukuluko mumaphunzira chiyani? Airishi ndi mtundu wa anthu, ali ndi dziko lawo! Ukufuna uwagulitse achibale awo pa mulu?"

Mayi aja nawonso anaseka atamva tanthauzo lake, kenako anakhala pa kreti n'kutsegula chikwama. Dzina lawo anati ndi a Nora. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, a Bwanali akusoka apa ndi apo pomwe yang'ambika. Agogo awo aamuna anali msilikali pa nkhondo yoyamba ija ya azungu, ndipo anatumizidwa kuno. Nkhondo itatha anawachotsa usilikali pa boma pomwepa, nthawi yomwe pankatchedwa Fort Johnston. Pepala lomaliza linkanena zimenezo, kenako zii. Mabuku a asilikali amatsata munthu akadali mu yunifolomu. Akangovula, cholembera chimaima. A Nora anali atafufuza m'maofesi a kwawo, atalemba makalata ambirimbiri, ndipo m'mawa womwewo anali atawerenga mwala uliwonse ku manda a asilikali. Munthu wawo munalibe.

Kwawoko, msilikali uja anasiya mkazi ndi kamwana kakakazi. Kamwana kameneko ndiye mayi a a Nora, ndipo panthawiyo anali nkhalamba yogonera pabedi, masiku akutha. Anakula akuuzidwa kuti bambo awo anawathawa n'kukakhazikika ku Africa. A Nora ankafuna kubwerera ndi yankho mayiwo akadapuma: kodi munthuyu anathawa, kapena imfa inamupeza akufuna kubwera? A Nora anali atatsala ndi masiku awiri okha kuno.

Anatchula dzina: O'Sullivan. A Bwanali analitafuna, n'kulibwereza, n'kupukusa mutu. Amayi a tomato nawo anati dzina lotero silinamvekepo. Ine ndinasuzumira papepala paja. Zolemba zopotanapotana zija sindikanatha kuziwerenga, koma maso a wamalonda amathamangira pa manambala. Pamwamba panali nambala ya usilikali, ndipo pakati pake panali maseveni atatu ondondozana. Maseveni amenewo ndinkawadziwa ngati zala zanga.

Kwathu ndi kutsidya kwa mlatho, njira ya ku Malindi. Kumeneko manda a Akhristu ndi manda a Asilamu anayang'anizana, ndipo pakati pake pali mtengo wa bwemba. Ana sitinkaloledwa kuponda m'manda, koma bwembayo sanali wa mbali iliyonse, ndiye anali wathu. Pansi pake panali chitsulo chophwatalala, chozikidwa mopendekeka, chokhala ndi manambala okhomedwa ndi msomali, timadontho timadontho. Tinkachigenda ndi malegeni chifukwa chinkalira bwino, ndipo wolasa pa maseveni ndiye ankatenga bwemba wa anzake. Tinkati ndi manda a Che Selemani Mzungu. Palibe tsiku lomwe ndinadzifunsa kuti mzungu angakhale bwanji Selemani. Mwana amalandira dzina monga amalandirira phala.

Mukuganiza kuti ndinafuula pomwepo? Ayi ndithu. Ndinali nditaona cholembera cha a Nora, chija cha mitundu inayi chomwe umadina pamwamba. Ndinatsokomola, n'kunena kuti mwina ndikudziwa kanthu, koma n'kutali, ndipo miyendo yanga siinali bwino sabata imeneyo. Maso anga ndinawasiya pa cholembera kuti amalize okha nkhaniyo. Tsoka lake, mayi anali atabwera, thumba la ufa lili kumutu, ndipo a Bwanali anawapatsira zonse m'mawu ochepa. Khutu langa lamanzere limakumbukirabe.

"Iwe Yona! Airishi wovulala ndimakulekerera, lero wayamba kugulitsa akufa?"

"Amayi, ine ndimangofuna ndione ngati chimalemba."

"Chilemba pamsana pako. Nyamula dengulo, tiwaperekeze alendowa."

Tinasiya katundu kwa a Bwanali n'kukwera matola. A Nora anakhala kumbuyo kwa galimoto pakati pa mitanga ya nsomba ndi njinga ya munthu wina, atagwira chipewa ndi dzanja limodzi, mapepala ndi linalo. Mnyamata wotolera okwera ankalengeza pa siteji iliyonse kuti Yona wapeza banja, ukwati uli mawa. Ine sindinaseke. Njira yonse ndinkapemphera kuti maseveni aja asakhale anayi.

Pa bwemba panali phee, kupatula njiwa ndi makoko ouma omwe ankathetheka pansi pa mapazi. Ndinalavulira pa chitsulo n'kupukuta ndi malaya. Kenako ndinayamba kuwerenga manambala m'Chingerezi, imodziimodzi, a Nora atagwada, chala chawo chikuyenda papepala. Nambala yachiwiri inali yophwanyika ndi mwala wa legeni, moti tinachita kuipapasa. Anayang'ana chibowocho, n'kuyang'ana ine. Ine ndinayamba kuchita chidwi kwambiri ndi nthambi za kumwamba. Titafika kumapeto, zonse zinali zitagwirizana. A Nora sanalire. Anaika chikhato pa chitsulo chotenthacho nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati alipo wamoyo amene anamuona munthuyu.

Mayi anakatenga amalume awo, a Damiano. Anali okalamba kwambiri, maso atachita khungu, koma ankasokabe maukonde ndi zala zokha. Anabwera atagwira phewa la mayi, n'kukhala pa muzu wa bwemba. Bambo awo ankagwira ntchito kokonzera maboti kugombe, ndipo mzunguyo, atavula yunifolomu, anagwirako ntchito miyezi ingapo. A Damiano anali mwana nthawiyo, koma ankakumbukira tsitsi lofiira ngati dothi la chulu, chifuwa chomwe munthuyo anachoka nacho ku nkhondo, ndi nyimbo zomwe ankaimba akumenya chitsulo, zomveka ngati za maliro ngakhale iye akuseka.

A Bwanali tinali titawasiya ku boma, choncho womasulira ndinali ine, ndi Chingerezi changa cha sitandade sikisi. Ndinafunsa kaye funso langa, lomwe linali litayamba kundiyabwa: Selemani anachokera kuti?

"Kalaliki wa kumeneko anali Mchewa wa kumtunda," anatero a Damiano. "Kwawo akamalemekeza munthu amati O Phiri, O Banda. Atamva O Salivani, anati mzunguyu akudzilemekeza yekha, n'zamwano. Anachotsa O uja. Anyamata a Chiyao anaikapo Che wawo. Salivani naye lilime linamukana, linamuwongola kukhala Selemani. Mwini wake ankavomera, ndiye ife tikanatani?"

Anati tsiku lomwe mzunguyo anamwalira, wansembe wachizungu anali paulendo wa panyanja, ndipo kunkatentha moti mtembo sukanadikira. Anzake a ntchito anasowa kolowera naye: dzina la kumzikiti, nkhope ya kutchalitchi. Anagwirizana zomuika pakati, kuti Mulungu akasankhe yekha. Dzina lake lenileni palibe ankadziwa kulilemba, choncho anadula chitsulo cha boti n'kukhomapo manambala omwe anali pa kachitsulo ka m'khosi mwake. Ndiye chifukwa chake sanalowe m'buku lililonse, la asilikali kapena la tchalitchi.

Ndinamasulira zonsezi ndi manja, mapazi ndi timawu tomwe ndinali nato. A Nora ankalemba. Kenako anatseka kope n'kufunsa funso lomwe anawolokera nalo nyanja zamchere: kodi munthuyu ankafuna kubwerera kwawo?

A Damiano anapukusa khoko la bwemba m'manja.

"Uwauze kuti ndinali mwana, za mumtima mwake sindikuzidziwa. Chomwe ndinaona n'chakuti tsiku lililonse akaweruka ankapita padoko kukafunsa za sitima. Tsiku lililonse, mpaka miyendo inakana." Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Kaya ankafuna kukwera, kaya ankangodikira kachasu wa azungu yemwe ankabwera pa sitimayo, ine sindingalumbire. Pakuti kumwa ankamwa."

Maso a a Nora anali pakamwa panga. Mayi anga nawo ankandiyang'ana, koma Chingerezi sankachimva. Ndinali ndekha ndi katundu yense. Ndinawauza kuti tsiku lililonse ankapita kukafunsa sitima, tsiku lililonse mpaka anadwala. Pamenepo ndinaima. Anandifunsa ngati a Damiano anena zina, popeza anamva kuti mawu awo anali ataliko. Ndinati akungobwereza zomwezo, ndi mmene amayankhulira akuluakulu. Apo m'pamene analira, mwakachetechete, misozi ikudontha pa kope. Mawu anga anawalemba mmene ndinawanenera, n'kundiwerengera kuti nditsimikize. Ndinavomera ndi mutu.

Potsazika anandipatsa cholembera chija. Mayi anachilanda chisanatenthe m'manja mwanga n'kuchipereka kwa a Damiano, munthu wosaona komanso wosalemba. Anachikoleka pathumba la malaya Lamulungu lililonse mpaka imfa yawo. Pa malonda onse omwe ndalephera m'moyo mwanga, amenewo amandiwawabe.

Mvula itayamba kunabwera kalata kudzera kutchalitchi, ndipo aphunzitsi anatiwerengera. A Nora anawapeza mayi awo akadali moyo. Nkhalambayo itamva za sitima, inapempha kuti chithunzi cha bambo ake, chomwe chinakhala zaka zonsezo pansi pa zovala m'kabati, achipachike pakhoma poyang'anana ndi bedi. Inamwalira patapita milungu yochepa, chithunzi chili pomwepo.

Zinthu zasintha. Pa bwemba pano pali mwala wosemedwa bwino, wokhala ndi dzina lonse, O wake ali pamalo pake, ndipo ana a masiku ano sadziwa zoti panagona Selemani. Anthu ofufuza makolo awo safikanso pa msika. Amangodina pa foni ngati zomwe ndimagulitsazi, mapepala a asilikali n'kutuluka okha. Koma pepala limathera pomwe linathera kale, pa tsiku lovula yunifolomu. Zotsatira zake zimakhala m'kamwa mwa anthu, ndipo zimadalira amene wayima pakati kuti amasulire.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati tsiku lija ndinachita chifundo kapena ndinangochita zomwe dzanja linazolowera. Nthawi zina ndimadziteteza kuti mawu oti kachasu sindinkawadziwa m'Chingerezi. Limenelo ndi bodza. Botolo ndikanatha kulisonyeza ndi manja. Mwina munthu uja ankafunadi kukwera. Mwina ankafuna zonse ziwiri, monga ambiri a ife. A Damiano anapereka nkhani yathunthu, ine ndinapereka theka, ndipo theka limenelo ndi lomwe linapachika chithunzi pakhoma. Lero Chingerezi chomasulira theka linalo ndili nacho chokwanira. Woti ndimuuze ndiye palibe.