Mazira a karapau

Ndinafika ku Bangwe alamu anga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Achimwene anali ku Nampula kuntchito, ndipo amayi anandituma kuchokera ku Phalombe kuti ndikathandize pakhomo. Ponditsanzika anangoti: “Uonetsetse kuti akudya. Ukalephera zimenezi ubwereko.”

Koma alamu sankadya, ndipo sankalankhula nane kwenikweni. Tinkakhala awiri m'nyumba muja ngati anthu osadziwana odikira minibasi.

Ndiwo imene ankaitanitsa inali karapau, nsomba ya m'nyanja ya mchere yobwera m'makatoni itauma ndi ayezi. Potumbula, zina ndinkazipeza zili ndi mazira achikasu. Kwathu mayi woyembekezera sadya mazira, amati mwana amabadwa wopanda tsitsi. Ndinaganiza kuti a nsomba nawonso ndi mazira basi. Ndinkawachotsa mosamala n'kukataya kudzala, osauza munthu. Alamu ankangotembenuza nsomba m'mbale, kenako n'kuikankhira kumbali.

Tsiku lina ndikutumbula pampopi, mayi woyandikana nafe, wokulira ku Beira, anasuzumira m'beseni.

“Iwe mtsikana, ukutaya chiyani? Taona m'matumbomo, muli chakudya?”

Munalibe.

“Mazira asanakhwime, nsomba imadya kwambiri. Akadzaza mimba imaleka, malo kulibe. Mafuta onse amene inadya ali mu izi ukupatsa agaluzi.”

Ndinawafotokozera za tsitsi. Anaseka mpaka kugwira mpopi.

“Ine ndinadya mazirawa pa mimba zanga zonse zisanu. Wadazi kwathu ndi bambo a anawo okha!”

Masana amenewo ndinakazinga mazirawo padera, ndi tomato pang'ono. Ndinagwada n'kuika mbale patsogolo pa alamu. Anayang'ana mbale, kenako ine.

“Kani amapezeka? Ine ndimayesa umadya wekha kuseriko.”

“Ayi alamu, ndimataya. Ndimaopera mwana.”

“Osafunsa bwanji? Uthenga ndalemba kale pafoni, woti achimwene ako akubweze kumudzi. Kwangotsala kutumiza.”

Ndinaweramitsa mutu. Anadya onse, mwakachetechete, mpaka kupukuta mbale ndi chala. Sananditane kuti tidye limodzi. Ndinakadyera pakhonde monga mwa masiku onse, ndikuyang'ana phiri, ndikuganiza zomwe ndikanene kwa amayi.

Ndikutsuka mbale ndinamva mawu a alamu pawindo.

“Mawa ulawirire kumsika. Usankhe zotupa mimba.”