Mboni ya kuchimuna

Nsapato zanga zinali za pulasitiki, zofiira, za kachingwe kumbuyo. Amayi anandigulira pa msika wa ku Matundo chifukwa tinkakajambulitsa chithunzi cha pa chiphaso. Ndinazivala kuyambira m'mawa, dzuwa la ku Tete n'kuzifewetsa mpaka zinkandiwotcha zala, koma kuvula ayi. Wojambula atatipatsa zithunzizo ndinapeza kuti wandidulira m'mapewa. Ndinatupa tsiku lonse, ndipo mpaka lero ndimaona kuti bambo ameneyo akanatha kusendera m'mbuyo pang'ono.

Inali nyengo ya purazo, tsiku lomaliza loikidwa ndi boma. Ife ana tinkaliyesa chikondwerero chimene chikubwera. Mlembi wa bairo lathu, dera limene tinkakhala, ankayenda ndi chimkuzamawu kulengeza kuti onse obadwira kunja ndi alendo, wofuna kukhala nzika akalembetse mwezi usanathe, wochedwa adzabwerera kwawo. Ife tinkamuthamangira pambuyo, kumuyeseza mawu. Kusukulu aphunzitsi atati obadwira ku Malawi aimike manja, ine ndinaimika onse awiri, poganiza kuti kuli chogawa.

Ndinabadwiradi ku Malawi. Bambo anga anali Mnyungwe wa konkuno, anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo n'kukwatira amayi kumeneko. Mtendere utabwera anatitenga, anamanga kanyumba ku Matundo, ndipo asanaike n'zitseko zomwe anadwala n'kumwalira. Malume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kumaliro osabwereranso. Anayamba kugulitsa mbatatesi. Anali munthu wosadziwa kunong'ona. Pamaliro pomwepo azakhali, mlongo wawo wa bambo, atafunsa za ine, malume anayankha pagulu kuti mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini ndi mlendo ngakhale atabereka khumi. Kwa Achewa zimenezo n'zoona. Kwa Anyungwe mwana ndi wa bambo, ndipo kunena zotere maliro ali m'nyumba n'kutukwana. Azakhali anamangitsa kapulana wawo, chitenje cha kuno, n'kubwerera ku Chingodzi, pakhomo pathu osapondanso.

Masiku amenewo kusukulu ndinkajomba mololedwa, chinthu chosachitika kwa amayi. Tinkadzuka kusanatenthe, kuwoloka mlatho tikuyenda wapansi kupita ku ofesi yolembera anthu. Galimoto zikuluzikulu zikamadutsa mlatho unkanjenjemera, ine n'kumakuwa ndi chimwemwe, Zambezi ali pansipo mbee. Kuofesi kunali bisha, mzere wautali wokhota kuseri kwa nyumba, wodzaza anthu olankhula ngati ife. Sindinkadziwa kuti m'Tete tilipo ambiri chotero. Ndinapeza anzanga a phada, tinkadya masau ouma mpaka mano kuyayamira, ndipo amayi, amene kunyumba sankandilola kutalikira, ankangondiyang'ana. Ndinkapemphera kuti mzerewo usathe.

Tsiku limene tinafika pa tebulo, malume anavala jekete. Kutentha konse kuja, thukuta lili kamukamu, koma jekete. Pankafunika mboni, ndipo kwathu mboni ya mwana ndi malume ake, palibenso wina. "Mwini mbumba ndine," anatero, akudziguguda pachifuwa. Kalaliki anawafunsa kumene anabadwira, iwo n'kuyankha monyadira kuti ku Dedza. Kalalikiyo sanakalipe. Anangoti mlendo sangachitire umboni mlendo mnzake. Tibwere ndi m'bale wa bambo amene ndi nzika, adzatsimikize za mwana ndi za ukwati. Kenako anawalozera malume kumapeto kwa mzere, kuti nawonso ndi olembetsa. Ine ndinaphulika kuseka, amayi n'kunditsina pantchafu.

Ukwati wa amayi unalibe pepala. Unali wa ankhoswe ndi nkhuku, ndipo nkhoswe ya bambo anali mnzawo wothawa naye nkhondo amene palibe ankadziwa kumene analowera. Wotsala anali mmodzi, azakhali. Malume anakana kwamtuwagalu kukapepesa, ati iwo ananena mwambo, sanatukwane munthu. Purazo litatsala pang'ono, amayi anagwira tambala wathu, kumumanga miyendo, n'kunditenga.

Aka kanali koyamba kukwera shapa, minibasi yopita ku Chingodzi, ndipo ndinakhala pawindo tambala ali pamiyendo. Titangofika kwa azakhali ndege inadutsa pamwamba pa denga penipeni, mimba yake ikuoneka, mbuzi n'kubalalika. Ndinaithamangira mpaka kumpanda wa waya wa bwalo la ndege. Pobwerera ndinapeza azakhali ali pampando pansi pa mtengo, amayi atagwada m'fumbi patali ndithu. Azakhali anandigwira chibwano, kunditembenuza uku ndi uku. Mawu awo ndikuwakumbukira: "Iyi ndi nkhope ya mlongo wanga, ndikalumbira. Koma ukwati wanu sindinauone, mulamu. Ndikalumbire bodza?" Anawonjeza kuti mwana akalembedwa dzina la kwawo, azikhala kwawo.

Zaka zambiri ndinawasungira chakukhosi azakhali chifukwa cha mawu amenewo. Lero ndakula, ndipo ndikuvomera kuti sananame, ukwatiwo sanauonedi. Komabe ndimati munthu akagwada m'fumbi lotentha chomwecho, umayamba wamupatsa mphasa.

Azakhali analonjeza ndipo anabweradi, tsiku lomaliza lenilenilo, atavala mpango watsopano. Anthu anali pikitipikiti, ena akulira, ena akukangana ndi mlonda pakhomo. Azakhali analankhula ndi kalaliki m'Chinyungwe, anadinda chala, nanenso ndinadinda changa. Inki ija sindinafune kuisamba. Kalaliki anatchula dzina langa lonse ndi la bambo kumapeto, n'kunena kuti ndine mwana wa dziko lino. Ndinatuluka ndikuvina, kuonetsa chala kwa aliyense pamzere. Za amayi sanalembe kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Pobwerera, pakati pa mlatho, amayi anandiuza kuti ndikakhala kwa azakhali, kufupi ndi ndege. Ndinadumpha mpaka anandigwira diresi kuopa ndingagwere m'madzi. Madzulo anandiluka tsitsi, kumanga kwambiri kuti lisamasuke msanga, akundilangiza kuti ndizimvera, ndiphunzire Chinyungwe, ndisamayankhe akulu ngati malume. Ine ndinkangoganiza za mmene ndikawauzire anzanga kusukulu.

Patapita masiku ochepa azakhali anandiperekeza kumsewu wa ku Zobuwe, wopita ku Malawi, kumene amayi ndi malume ankadikira galimoto. Anali ndi mitolo yambiri, mpaka mtondo ndi mphasa, ndipo ndinaseka kuti ulendo wanji wonyamula mtondo. Malume tsiku limenelo ankalankhula monong'ona. Kwa ine Malawi kunali kumene anthu amapita Lolemba n'kubwera Lachisanu ndi shuga. Sindinkadziwa kuti mwana angakhale nzika mayi wake ali mlendo, kapena kuti ndidzawaonanso nditatha msinkhu, iwo atayamba imvi. Galimoto itaima anthu anathamangira malo, koma amayi anangoima atandigwira mutu, osasuntha. Ndinaopa kuti awasiya. Ndinawakankha pamsana ndi manja anga awiri kuti akwere msanga.